Khonde la Apongozi ku Armadale

Apongozi anga anagwa m'bafa Lachiwiri lina, nthawi itangopitirira teni koloko m'mawa. Ndinali patebulo ndikulemba kalata yofunsira ntchito. Ndinamva chiphokoso, kenako madzi akungotayika. Ndinathamanga n'kukaima pakhomo la bafalo. Chitseko sichinali chokhoma.

"Amayi, mwavulala?"

"Musalowe."

Sindinalowe. Ndinaimbira ambulansi, n'kukagogoda kwa mayi wina wachizungu woyandikana nafe, amene anabwera ali ndi magolovesi a kudimba. Iye ndi amene analowa, n'kutseka mpopi, n'kuwafunditsa thaulo. Ine ndinaima panja pa chitseko mphindi khumi ndi zinayi, mpaka ambulansi inafika. Mayi uja potuluka anandiyang'ana ngati munthu wopanda mtima. Ndinalibe Chingerezi chokwanira kumufotokozera, ngakhale ndinadyera chilankhulo chimenecho zaka zambiri ku nyuzipepala ku Blantyre.

Nkhani yake ndi iyi. Kwawo kwa akazi anga, cha ku Dedza, mkamwini ndi apongozi ake aakazi amachitirana manyazi. Sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, ndipo mkamwini saponda m'chipinda chimene apongozi amagona. Si udani. Ndi ulemu, ndipo apongozi anga anausunga wonse osachotsako kanthu. Anabwera ku Perth, mzinda wa kunja kuno umene tikukhala, mwana wathu wachiwiri atabadwa, nthawi imene migodi ya kumpoto inkalemba ntchito aliyense wa miyendo iwiri. Ine ndinkalemba malipoti a chitetezo cha pantchito ku kampani ina yobwereketsa makina ku migodiko, akazi anga ali nesi pachipatala. Apongozi analera ana. Mapepala awo okhalira kuno anatuluka, n'kukhazikika.

Nyumba yathu ku Morley, dera lina la Perth, ili ndi zipinda zitatu ndi kolido imodzi. Mmenemo tinakhala zaka khumi ndi chimodzi osagundana. Iwo akafuna kutuluka m'chipinda ankatsokomola. Ine ndikamabwera ndinkaliza makiyi. Uthenga unkadzera mwa akazi anga, ndipo akazi anga akachokapo, apongozi ankalankhula ndi khoma. "Shuga watha m'nyumba muno," ankatero akuyang'ana firiji. Ine ndinkayankha ndikuyang'ana zenera, "Agulidwa madzulo." Ana ankaseka, ankati nyumba yathu ili ngati bwalo la ndege, aliyense amalengeza asanatere.

Kenako migodi inazilala. Amuna amene ankakwera ndege kupita kumpoto sabata ziwiri zilizonse anayamba kuoneka masana akuthirira kapinga. Magalimoto aakulu anaima m'mbali mwa misewu, atamatidwa mapepala oti akugulitsidwa. Kampani yathu inatiitana mmodzimmodzi, ndipo ine ndinatuluka ndi katoni ya mabuku. Akazi anga anawonjezera mashifiti. Choncho tsiku limene apongozi anagwa, m'nyumba munali munthu mmodzi yekha wamphamvu zake, ndipo anali munthu amene sakanatha kuwakhudza.

Fupa la m'chiuno linali litathyoka. Madokotala anapezanso kuti magazi anaundana pang'ono m'mutu, n'chifukwa chake mwendo wamanzere unawakana. Atawapanga opareshoni, anthu oona za okalamba anabwera kudzawayeza. Anati apongozi afunika anthu awiri owadzutsa, owasambitsa ndi owaperekeza kuchimbudzi, usana ndi usiku. Anatipatsa mndandanda wa nyumba zosamalirako okalamba.

Mchimwene wawo wa apongozi, amene ndi mwini mbumba kumudzi, atamva anaimba foni. Akazi anga anaikweza mawu kuti nane ndimve.

"Akulererani ana, mwawadya mphamvu, lero mukufuna kukawatula kwa azungu ngati katundu? Nanga akamwiniwo si ali pakhomo tsiku lonse?"

"Malume, akamwini angasambitse apongozi awo?" anafunsa akazi anga.



"Ndiye abwezeni kuno," anatero malumewo.

Akazi anga anakawafunsa eni ake kuchipatala. Apongozi anakana. Anati anzawo onse a kumudzi anatha, adzukulu ali kuno, mankhwala ali kuno. Koma anaikapo lamulo limodzi: malo amene tikufuna kuwaikawo akaone okha ndi maso awo. Anawonjezanso mawu amene akazi anga anandiuza ali m'galimoto, akupukuta misozi: "Kumeneko ndisakakhale ngati mbuzi yomangirira, yoiwalika."

Ndinagula kabuku. Ntchito ya utolankhani inandisiyira matenda okonda kulemba chilichonse, ndipo ndinasangalala kuti pomaliza ndapeza chothandiza nacho. Ndinalemba mafunso, ena mwa iwo ndi awa: manesi alipo angati masana, chakudya amaphika pomwepo kapena chimachokera kwina, osambitsa amayi ndi akazi okhaokha kapena ayi, m'makolido mukununkha chiyani, kuchokera kwathu ndi mphindi zingati. Funso lililonse ndinkalipatsa malikisi. Ndinasankha nyumba zitatu, poti mkonzi wanga wakale ankati nkhani yomva kwa munthu mmodzi ndi mphekesera.

Yoyamba inali pafupi ndi mtsinje. Pansi panali kapeti wofewa, pabalaza piyano, ndipo chipinda chilichonse chinali ndi bafa lakelake. Bwana wa pamalopo, mayi wansangala ndithu, anatsegula chipinda china n'kulowetsa chikuku cha apongozi. Anationetsa mpando wawofuwofu umene unali pafupi ndi bedi, n'kunena kuti alendo amalowa nthawi iliyonse n'kukhala pamenepo, ngati kunyumba. Ine ndinali nditaima pakhomo ndi kabuku kanga. Anandikodola. Ndinamwetulira. Anabwera kudzandigwira pachigongono kuti ndikaone mtsinje pazenera.

"Asiyeni, akuona ali pomwepo," akazi anga anamuuza.

Mayiyo anayang'ana ine, n'kuyang'ana apongozi, n'kulemba kanthu papepala lake. Tili m'galimoto akazi anga anafunsa kuti awaona bwanji malowo.

"Kapeti wabwino," anatero apongozi.

Yachiwiri inali ku Morley komweko, mtunda woyenda pansi mphindi khumi kuchokera kwathu. Inali yaukhondo, yosanjikiza, ya manesi okwanira. Zipinda zinali m'mwamba, zitseko zonse zoyang'ana kukolido. Pabalaza mipando inaikidwa mozungulira, yoyang'anizana, wailesi ya kanema ikulira. Ndinaipatsa malikisi ambiri kuposa yoyamba ija. Apongozi anangoti, "Ndi pafupi."

Yachitatu inali ku Armadale, kumapeto kwenikweni kwa njanji. Kunena zoona ndinangoilemba kuti zikwane zitatu. M'mawa wa tsiku lokaiona, akazi anga anaitanidwa kuntchito, mnzawo atadwala. Ndinati tisinthe tsiku. Iwo anati amayi avala kale, akudikira. Manesi a kuchipatala anakweza apongozi pampando wakumbuyo, ine n'kupinda chikuku n'kuika kubuti. Tinayenda mphindi makumi anayi, ine maso pamsewu, iwo maso pazenera. Kunali kotentha, kamphepo kouma kochokera kum'mawa kakuwomba.

"Kwatentha kunjaku," anauza zenera.

Ndinayatsa choziziritsa.

Nyumbayo inali yakale, ya njerwa zofiira, yopanda nsanjika. M'kolido munkamveka fungo la supu ndi mankhwala okolopera. Zipinda zinali zazing'ono, bafa limodzi la zipinda ziwiri. Ndinalemba zonsezo. Amene anatilandira kudzakankha chikuku anali mayi wa ku Zambia, mmodzi wa osamalira okalamba pamenepo, wamfupi, woyenda mofulumira. Atamva apongozi akudandaula m'Chichewa za mwendo, anaima.

"Iye, amai! Ndimwe a ku Malawi? Uyu ni mwana wanu?"

"Ndi akamwini," anayankha apongozi.

"Aa, apongozi! Ndiye chifukwa aimilira kutali monga wapolisi. Nenze nayamba kuyopa ine."

Apongozi anaseka. Chigwereni m'bafa muja ndinali ndisanawamve akuseka.

Chipinda chimene chinalibe munthu chinali chakumapeto. Ine ndinatsala m'kolido monga mwa masiku onse, ndikusuzumira. Munali bedi, kabati ndi katebulo. Koma kukhoma la kutsidya kunali chitseko china chagalasi. Mayi wa ku Zambia uja anachikankhira pambali, ndipo kunja kunaoneka kakhonde ka simenti, mamita awiri m'lifupi, kali ndi mpando wapulasitiki. Kutsogolo kwake kunali kapinga wouma, mtengo wa mandimu, ndi kanjira.

"Kanjirako kakuchokera kuti?" anafunsa apongozi.

"Koimika mamotoka."

"Munthu angafike pakhondepa osadzera m'katimu?"

"Ehe. Alemba chabe dzina ku ofesi, basi azunguluka."

"Mvula ikamagwa?"

"Pali denga, amai. Onani."

Apongozi anapempha kuti chikuku achiike pafupi ndi chitsekocho, chotembenukira kumbali. Kenako anauza mtengo wa mandimu uja kuti, "Wina atakhala pampandopo, tione."

Ndinatuluka, n'kudutsa pa ofesi, n'kuzungulira nyumba yonse. Ndinawerenga masitepe: zana limodzi ndi makumi atatu. Ndinakhala pampando uja, nkhope yanga kumtengo. Iwo anali kumanzere kwanga, m'kati, pamtunda woti munthu n'kupatsirana kapu.

"Akumva kunjako?"

"Ndikumva, amayi."

"Basi. Ndi kuno."

Akazi anga ataweruka ndinawatsegulira kabuku. Ndinawaonetsa kuti Armadale ili pansi pa zonse: kutali, nyumba yakale, bafa logawana. Ndinati mwina amayi angokomedwa ndi kumva chilankhulo cha kwathu, koma wantchito amatha kusiya ntchito mawa. Ndinati Morley ndiye yanzeru.

Anamvetsera akuvula nsapato. Kenako anati, "Bambo, inu ndi kabuku kanuko. Pakati pa sabata, masana, ndani m'nyumba muno ali ndi nthawi yokawaona? Ine ndili ku shifiti. Ana ali kusukulu."

"Ndine."

"Ndiye ku Morley kuja mukanakhala pati? M'kolido ngati mlonda? Kapena pabalaza paja, maso ndi maso?"

Ndinayang'ana mafunso anga. Analipo khumi ndi awiri. Panalibe ndi limodzi lomwe lofunsa kuti mlendo akakhala pati, chifukwa sindinadziwerengere kuti ndine mlendo wawo. Ndinkadziona ngati woyendetsa galimoto ndi wodzaza mafomu. Apongozi anali atawerenga bwino kuposa ine: anadziwa kuti masiku ambiri munthu amene angabwere ndine, ndipo anasankha malo okhawo amene ndikanatha kubwera.

Anasamukira kumeneko patatha sabata zitatu. Galimoto yachiwiri tinali titagulitsa, choncho Lachiwiri ndi Lachinayi ndinkakwera basi pa Morley kupita m'tauni, n'kukwera sitima mpaka pomwe imathera, n'kuyenda pansi kotala la ola. Loweruka tinkapita banja lonse, akazi anga ndi ana m'kati, ine pakhonde. Ndinkalemba dzina ku ofesi, n'kuzungulira, n'kuliza makiyi ndikamayandikira. M'kati munkamveka kutsokomola.

Poyamba ndinkangowerenga nkhani za kumudzi pafoni, mokweza, ndikuyang'ana mtengo. Iwo ankathira ndemanga. Mtengo wa feteleza ukakwera ankati, "Ameneyo sadzatsika, ndinamudziwa ali mwana." Pang'onopang'ono anayamba kufotokozera mtengo wa mandimu uja zinthu zina. Ndi pakhonde pamenepo pamene ndinamva kuti ali mtsikana ankayenda pansi kukagulitsa mbatata ya kachewere kumalire, kuti anabereka ana asanu ndi awiri n'kuika m'manda atatu, ndiponso kuti tsiku limene ndinakaonekera kwawo anandiona pawindo n'kuuza mng'ono wawo kuti mnyamatayo ngwoonda ngati nsungwi, sakhalitsa. Mtengo wa mandimu uja unamva zambiri. M'miyezi isanu ndi umodzi ndinawadziwa apongozi anga kuposa m'zaka khumi ndi chimodzi za kolido.

Antchito a pamalopo poyamba sanamvetse. Nesi wamkulu anandiitanira mu ofesi, n'kundifunsa mwaulemu ngati pali vuto pakati pa ine ndi amayiwo, chifukwa wina analemba kuti sindilowa ndipo sitiyang'anana. Ndisanayambe kufotokoza, mayi wa ku Zambia uja anatulukira ndi mtanga wa zochapa, n'kufotokoza yekha m'masentensi anayi. Nesiyo anafunsa mafunso awiri, n'kulemba m'fayilo ya apongozi kuti osambitsa akhale akazi okhaokha, ndipo mkamwini amakhala pakhonde, asamukakamize kulowa. Sabata yotsatira ndinapeza mpando wapulasitiki uja wachotsedwa, pali wina wa khushoni. Mvula ya m'nyengo yozizira itayamba kuwomba cham'mbali, bambo wokonza zinthu pamalopo anakhomera pulasitiki yoonekera mbali imodzi ya khonde. Palibe anamutuma. Anangondiona tsiku lina nditanyowa phewa.

Malume aja tinawatumizira kanema wa pafoni. Anaona mlongo wawo ali pachikuku, atavala chitenje chawo, ine ndili kunja pampando. Anayankha mawu ochepa: "Koma pali khonde. Akamwini akudziwa malo awo." Za kutula katundu sanazitchulenso.

Patapita nthawi ndinapeza ntchito ya masiku atatu pa sabata, yolemba makalata mu ofesi ina m'tauni. Pofunsidwa masiku amene ndingagwire, ndinati alionse kupatula Lachiwiri ndi Lachinayi.

M'nyengo yozizira yachiwiri apongozi anadwala chibayo. Anakhala kuchipatala masiku asanu n'kubwerera atafooka, osathanso kukhala pachikuku. Bedi linali kukhoma la kutali ndi khonde, ndipo adokotala anati chitseko chagalasi chizikhala chotseka chifukwa cha mphepo. Lachiwiri ndinakhala panja pa galasi ola lathunthu. Ndinaliza makiyi, koma sindinamve ngati anatsokomola. Lachinayi chimodzimodzi. Ndinkawerenga nkhani chamumtima, n'kubwerera kusitima. Akazi anga anati amayi akudya pang'ono, ndipo akufunsa ngati kunjako kumabwerabe munthu.

Lachiwiri lotsatira nditangokhala pansi, mayi wa ku Zambia uja anatulukira m'kanjira atanyamula jumbo ya kusitolo. Anaima patsogolo panga n'kugwira jumboyo ndi manja awiri.

"Akuti nikupatseni so, na manja yabili. Musaseke."

M'jumbomo munali nkhuku yowotcha, ya m'sitolo, ikadali yotentha m'kathumba kake.

"Benze kufuna yamoyo," anatero. "Nawauza kuti amai, kuno nkhuku yamoyo nizaipeza kuti? Muzanichotsesa nchito. Ndiye akuti olo yakupsa, malinga ni nkhuku."

Sindinaseke. Akazi anga anandiuzapo kalekale kuti kwawoko apongozi akafuna kuthetsa manyazi amapatsa mkamwini nkhuku. Akailandira, kuyambira tsiku limenelo amalankhulana, amadyera pamodzi, mkamwini amasanduka mwana wa m'nyumba. Ambiri amachita zimenezi pakabadwa mwana woyamba kapena wachiwiri. Apongozi anga anali asanachitepo kwa mkamwini aliyense, ndipo ine ndinali nditaleka kuziganizira.

Ndinanjuta pansi, n'kuwomba m'manja katatu, n'kulandira. Mayi uja anakankha chitseko chagalasi. Ndinavula nsapato n'kulowa.

Chipindacho ndinali nditachiona kambirimbiri kudzera pagalasi, koma sindinkadziwa kuti pakabati pali chithunzi cha ukwati wathu. Apongozi anali atawatsamiritsa pamapilo awiri. Anali atachepa kwambiri. Anandiyang'ana kumaso, nthawi yaitali, ngati munthu wowerenga kalata.

"Imvi zonsezi zinabwera liti?"

"Ndi kale, amayi."

"Palibe anandiuza. Khalani apa, mwanangu. Ing'ambeni nkhukuyo. Nthutumba ndi yanu."

Ndinasamba m'manja n'kuing'amba pambale ya pamalopo. Ndinafufuza m'kati. Munalibe nthutumba, munalibe chiwindi. Munali buledi wonyowa wosakaniza ndi timasamba.

"Mulibe, amayi."

"Mulibe?" Anasuzumira m'mbalemo. "Azungu adya nthutumba ya akamwini anga."

Mayi wa ku Zambia anaseka mpaka kugwira chitseko. Apongozi anadya kachidutswa ka pachifuwa, kakang'ono ngati chala, kamene ndinawanyenyera ine. Ndinawagwirira kapu ya madzi. Kanali koyamba kukhudza dzanja lawo. Linali lopepuka, lofunda.

Kuyambira pamenepo ndinkalowera pakhomo la m'kolido ngati wina aliyense, ngakhale makiyi ndinkawalizabe, iwonso n'kutsokomola. Kusambitsa kunakhalabe kwa akazi, ndipo nthawi imeneyo ikakwana ndinkatuluka kukakhala pampando wanga wakale. Zina zonse ndinkachita: kuwamwetsa phala, kuwakonzera mapilo, kuwawerengera nkhani ndikuwayang'ana. Ankandidzudzula kuti ndimawerenga mothamanga ngati wa pawailesi.

Anakhala nafe mpaka kunja kutayamba kufunda. Anamwalira Lachinayi masana, dzuwa likuwala pakhonde. Nesi anali ataimbira akazi anga, ndipo iwo anali m'njira, pamsewu waukulu. Ana anali kusukulu. M'chipindamo munali ine, pampando wa pafupi ndi bedi, dzanja lawo lili m'manja mwanga.

Kabuku kaja ndikadali nako. Morley ili pamwamba, ya kumtsinje ili pakati, Armadale ili pansi. Sindinakonze malikisiwo. Ndinangolemba m'munsi mwa tsambalo funso lakhumi ndi chitatu, kuti mnzanga wina wa kutchalitchi akadzabwereka kabukuka asadzaliiwale: mlendo akakhala pati?